Dzina la a Kazi pa Simenti ya Pakhonde

Ana anga, pakhonde la nyumba ino, kumanzere kwa chitseko, pali dzina lolembedwa pa simenti limene nonse mumaliponda polowa koma palibe amatha kulitchula. Tamanda, iwe unandiuza pamaso pa anthu kuti dzina limeneli ndi limene linandilepheretsa kudzaika atate ako aakulu. Sunaname. Sindinakuyankhe tsiku lija chifukwa ine pakamwa ndimafulumira kupsa mtima, koma ndikagwira cholembera ndimayenda bwino. Ndiye khala pansi uwerenge mpaka kumapeto, kundiweruza udzandiweruze utamaliza.

1983, Lusaka

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Lusaka ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Achimwene anga a Yotamu, amene anandilera bambo athu atamwalira, anandiperekeza kuchokera kuno ku Mchinji mpaka pokwerera basi ku Chipata, atandibwereka jekete yawo ya ukwati imene manja ake ankandiphimba zala. Ntchitoyo inali yokopera mapulani a nyumba. Katswiri ankajambula ndi pensulo, ine n'kuyala pepala loonekera pamwamba pake n'kulondola mzere uliwonse ndi inki. Bwana wanga anali mzungu wamtali, wowerama pang'ono, wochokera ku Poland, dzina lake Kazimierz. Ofesi yonse dzinali linatikanika, tinkangoti a Kazi. Anatumizidwa ndi kampani ya boma la kwawo, imene masiku amenewo inkabwereketsa akatswiri ake kumayiko akunja. Tsiku loyamba sanafunse za satifiketi. Anandiponyera pepala n'kunena m'Chinyanja chawo chophunzirira pamsika, "Lemba zilembo zonse." Ndinalemba, mtima uli m'mwamba. Anayang'ana n'kuti, "Izi ni nyerere zoledzera. Bwereza." Ndinabwereza masabata atatu, osakhudza pulani ndi imodzi yomwe, ndipo kangapo ndinafuna kuwaponyera rula kumaso n'kubwerera kumudzi. Chinandigwira chinali jekete ya achimwene, ndikanaibweza ndi nkhope yanji?

Zinthu zinkasowa kwabasi zaka zimenezo. Pepala loonekera likatha tinkatenga mapulani akale n'kupala inki ndi lezala mpaka pepala kuyera, ndipo ukalimbitsa dzanja linkabooka. Inki ikayamba kuuma tinkadonthezera madzi. Ena ankadandaula, koma a Kazi ankangoti pepala likachepa munthu amayamba waganiza asanalembe. Chimene anthu ankawanena nacho misala chinali china. Sankajambula nyumba asanakhalire malo ake tsiku lathunthu. Tinkafika dzuwa lisanatuluke, iwo ndi kampando kawo kopinda, ine ndi ndodo yaitali, zikhomo ndi nyundo. Ndodoyo tinkaizika pakati pa puloti, pamwamba titamangirirapo kansanza. Ola lililonse ndinkakhoma chikhomo pamene pathera mthunzi, iwo n'kulemba kumene kansanza kakuulukira. Pofika madzulo ankadziwa kumene dzuwa lidzawotche ndi kumene mphepo idzalowere, ndipo mawindo ndi makonde ankachokera pamenepo. Ndinawauza tsiku lina kuti kwathu timati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anaukonda mwambiwo moti ankautchula pena paliponse, ngakhale pamene sukugwirizana.

Pangodya ya pulani iliyonse pamakhala timabokosi. Kena n'ka wokopera, ndipo m'menemo ndinkalembamo zilembo zanga, E.P. Kena n'ka wojambula, mwini nzeru zake. Kameneko pa mapulani athu kankakhala kopanda dzina, pambali pake atadindapo chidindo cha kampani ya boma lawo, poti lamulo la kwawo linali lotero. Zinkandinyansa. Tsiku lina tili pa puloti ya sukulu ina, ndinawafunsa chifukwa chake sizikuwapweteka. Anandiuza kuti ali mwana, nkhondo yaikulu inagumula mzinda wawo wonse, ndipo iwo ndi amayi awo ankaima pamzere wa anthu kupatsirana njerwa zotola m'mabwinja.

"Palibe analemba dzina pa njerwa zija, Elifala," anatero, "koma mzinda ulipo."

"Zimenezo n'za kwanu," ndinayankha. "Kwathu munthu saikidwa ngati chikuni. Bokosi lisanatsike, wina amaimirira n'kunena mbiri yake, kumene anabadwira ndi zimene anagwira. Nanga inuyo, opanda mkazi, opanda mwana, mbiri yanu adzanena ndani?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, poti pakamwa uli napo."

"Ndavomera," ndinatero. Iwo anapitiriza kuseka, ine ndinapita kukakhoma chikhomo cha naini koloko.

1994, Dubai

Boma la kwawo litasintha, kampani ija inatha ngati makatani, ndipo kumene kunapita mafayilo ake palibe akudziwa. A Kazi anali atasamukira kale ku Dubai, ndipo anandilembera kalata ya mizere itatu, yoti ntchito ilipo, kutentha kulipo, ndibwere ndi dzanja langa. Amayi anu anandilongedzera chikwama, iwe Tamanda uli sitandade wani. Ndinayamba kukhala ku Naif, chipinda chimodzi amuna asanu ndi mmodzi, mabedi osanjikiza, fungo la anyezi ndi nsapato. Ofesi inali ku Al Mankhool. Kumenekonso kabokosi kaja sikanadzaze. Mlendo sankatha kudinda mapulani m'dzina lake, ndiye ankagwira ntchito pansi pa chiphaso cha munthu wa komweko, bambo waulemu amene sanatilakwirepo, ndipo chidindo chinali cha ofesi yake. Ndinawauza a Kazi kuti tawoloka nyanja koma matenda athu ndi omwe aja. Anangokweza mapewa.

Mwambo wa ndodo sanausiye. Muganizire kukhala pa mchenga wa ku Dubai mwezi wa Julaye kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Nsapato zinkafewa, nyundo inkawotcha m'manja. Kapitawo wina wa ku Pakistan ankatizungulira ndi galimoto akukuwa m'Chiarabu kuti yalla, yalla, tiyeni msanga, mdalayu afa nanu pano. A Kazi ankangofunda thaulo lonyowa kumutu n'kumayang'ana kansanza kawo. Pamalo amenewo, ku Al Mankhool komweko, panatuluka nyumba ya mafulati, nsanjika zisanu ndi imodzi, yopanda chodabwitsa ukaiona kunja. Koma ukalowa m'makonde ake umamva mphepo ikudutsa kuchokera mbali ya kunyanja, ndipo palibe khomo limene dzuwa la masana limaligunda. Mwa nyumba zonse zimene ndinakopera, imeneyo ndimainyadira koposa, ndipo a Kazi anadzakhalamo okha pansanjika yachinayi.

Kenako kunabwera makompyuta ndi nyumba zagalasi zokanda mitambo. Eni mapuloti analibenso tsiku loti aliwononge poyang'ana mthunzi, makina oziziritsa alipo. Ine ndinaphunzira kompyuta, ndikukalamba kale, chifukwa inu munkafunika sukulu. A Kazi anakana kwamtuwagalu. Ntchito zawo zinacheperachepera mpaka tinkangowonjezera zipinda pa nyumba za anthu ku Al Furjan. Anyamata atsopano mu ofesi ankawayesa bambo ake a winawake obwera kudzamwa tiyi. M'nyumba imene anajambula okha, anthu ankawadziwa ngati mdala wokangana ndi lifiti. Mapulani awo onse, kuyambira a ku Lusaka, anali m'mipukutu m'chipinda chachiwiri cha fulati yawo, ataunjikana mpaka kudenga.

2020, mliri

Chaka chimenechi ndinali nditakonza zopuma ntchito mwezi wa Juni n'kubwera kwathu. M'malo mwake ndege zinaima, ofesi inatsekedwa, ndipo kutuluka panja kunkafuna chilolezo. Ndinali nditasamukira ku Al Mankhool komweko, misewu iwiri kuchokera kwa a Kazi, ndipo ndinkawasiyira buledi ndi mkaka pakhomo. Anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi atatu. Tsiku lina sanatsegule. Ambulansi inawatenga akupuma ngati munthu wokwera phiri, ndipo pa fomu ya kuchipatala, pamene amafunsa wachibale, panali dzina langa. Sindinkadziwa kuti anandilemba. Kulowa m'chipatala kunali koletsedwa, koma Mulungu si Jemusi, mu wodi yawo munali namwino wa kwathu, mayi Nachisale a ku Dedza, amene tinkapemphera nawo limodzi. Iwowa ndi amene ankawagwirira foni kukhutu akapeza mpata.

Masabata anadutsa a Kazi osachira, osamwalira. Ndiye zinthu ziwiri zinandipeza tsiku limodzi. M'mawa anandiimbira anzathu amene ankasonkhanitsa maina a ofuna kubwerera kwawo, kuti papezeka ndege yapadera Lachisanu ndipo mpando wanga ulipo. Ina idzapezeka liti, palibe ankadziwa. Masana ndinakumana ndi woyang'anira nyumba ya a Kazi, ataima patali, masiki kukamwa. Anati mdalayo akamwalira fulati adzaipopera mankhwala ndipo zonse za m'katimo zidzapita kotaya zinyalala, palibe angafune kugwira katundu wa munthu wa korona. Ndinamufunsa za mipukutu. "Khalas, baba, basi zatha, ndi mapepala akale," anatero. Sanali munthu woipa, mantha anali paliponse.

Pamwamba pa izi, achimwene a Yotamu anali chigonere kuno ndi matenda awo a shuga. Amayi anu anawapatsa foni madzulo a tsiku lomwelo. Mawu awo anali atachepa.

"Elifala, ndamva kuti ndege yapezeka."

"Yapezeka, achimwene."

"Ndiye bwera. Ndikufuna ndikuone."

Ndinawafotokozera za a Kazi, kuti alibe wina, kuti ndikachoka adzaikidwa ndi anthu osawadziwa ngakhale dzina. 

"Mzunguyo ali ndi boma lake," anatero. "Ine ndili ndi iwe."

Ana anga, mawu amenewa ndimawamva mpaka lero, makamaka ndikamameta ndevu, poti pagalasi ndimaona nkhope yawo. Amayi anu atatenga foni anangoti, "Bambo a Tamanda, chibale n'fupa, sichiwola. Musadzati sindinanene." Ndinayesa zinthu ziwirizi monga ndinazolowera kuyesa chilichonse. Achimwene anali atadwala chonchi kangapo n'kudzuka. Anali ndi alamu anga, ana asanu ndi awiri, mpingo, mudzi wathunthu. A Kazi anali ndi ine ndekha, ndiponso mawu amene ndinapereka pa puloti ija ku Lusaka. Masamu anga ankati achimwene adikira. Masamu amenewo anali olakwika, ndipo sindibisa.

Lachitatu mayi Nachisale anawagwirira a Kazi foni. Sindikudziwa anawauza ndani za ndege, mwina mayi Nachisale omwewo.

"Pita kwanu, chitsiru iwe," anatero, mawu akudukaduka.

"Ndinavomera ku Lusaka."

"Zinali nthabwala."

"Inu munkaseka. Ine simunandione ndikuseka."

Anafuna kutukwana m'chinenero chawo koma mpweya unawathera. Mpando wanga ndinaupereka kwa mayi wina wa ku Mangochi wolera ana, amene mabwana ake anali atamuchotsa ntchito. Lachisanu ndinamva ndege ikudutsa pamwamba, mwina sinali yomweyo, koma ndinalira ngati mwana, nditagwira chitsulo cha pawindo.

Lolemba ndinapempha makiyi a fulati ya a Kazi. Woyang'anira uja anandiponyera chapatali. Pokwera ndinapeza anthu a m'nyumbamo, otsekeredwa m'mafulati milungu yambiri, atakhala aliyense pakhomo pake, Amwenye, Afilipino, Aarabu, ana akusewera pansi, mphepo ikuwapita m'malaya. Mayi wina anati khonde limeneli ndi limene lawasunga kuti asapenge. Ndinamuuza kuti analijambula ndi mdala wa pansanjika yachinayi, wokangana ndi lifiti uja. Anandiyang'ana ngati ndikunama, ndipo pamenepo ndinadziwa choti ndichite. Ndinayala mapulani pa tebulo lawo, ndinatsuka cholembera chawo cha inki chimene chinali chitauma, ndipo ndinayamba pa pulani ya sukulu ya ku Lusaka. Chidindo cha munthu sindinafufute, si ine wakuba. M'kabokosi kopanda kanthu kaja ndinalemba dzina lawo lonse, ndipo pansi pake, m'zilembo zazing'ono, kuti ndikuchitira umboni ine E.P. amene ndinalipo, ndi tsiku lake. Mapepala anali mazanamazana. Ena anali ophwanyika m'mbali, ena ndinapezapo mabowo a lezala yanga. Ndinkayamba m'mawa n'kuweruka dzuwa likapendeka, ngati pa ntchito, ndipo pofika sabata yachiwiri zala zinkakana kuwongoka moti ndinkaziviika m'madzi ofunda. Sindinadumphe pepala ndi limodzi lomwe.

Nditatsala pang'ono kumaliza, mayi Nachisale anaimba. Anati, "Bambo, ngati muli ndi mawu, ndi lero." Atawagwirira foni, ndinawauza a Kazi zimene ndachita. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, ndipo ndinali nditakonzeka kubweza. Kunkangomveka makina. Kenako ndinamva, chapansipansi, "Zilembo zake zawongoka?"

"Zawongoka, bwana."

"Osati nyerere."

"Osati nyerere."

Anamwalira m'mawa mwake. Patapita masiku awiri, ndili pamzere wosainira mapepala a thupi lawo, amayi anu anaimba kuti achimwene atisiya. Sindinagwe, sindinakuwe. Ndinasaina pamene anandilozera, ndinatuluka panja, ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu padzuwa mpaka wapolisi anabwera kudzandifunsa ngati ndikudwala. Ndinamva manyazi, ndinamva chisoni, ndipo ndinadzida. Munthu amene anandibwereka jekete yake ya ukwati anandipempha chinthu chimodzi chokha moyo wake wonse, ndipo ndinamumana.

A Kazi tinawaika kumanda a Akhristu ku Jebel Ali. Tinalipo atatu, wansembe, mayi Nachisale amene anabwera atangoweruka, ndi ine. Okumba anaima patali atavala zoyera thupi lonse. Wansembe anati malamulo akutipatsa mphindi zochepa. Ndinati amve, munthuyu satsika ndisananene mbiri yake. Ndinavula chipewa n'kunena m'Chichewa, mokweza, ngati pali khamu la anthu. Ndinanena kumene anabadwira, za njerwa zimene anapatsirana ndi amayi awo, za sukulu ndi chipatala ku Zambia, za nyumba ya ku Al Mankhool imene anthu akupumiramo mphepo pa ola lomwelo, ndi kuti anali waukali, wosayamika, ndiponso kuti anandipatsa ntchito m'manja imene yadyetsa ana anayi. Mayi Nachisale ankavomera pamene pafunika kuvomera. Wansembe anayang'ana wotchi kawiri, kachitatu sanayang'anenso.

Mapulani ndinawatumiza ku sukulu ya zomangamanga ya mumzinda wa kwawo. Yankho linabwera patapita miyezi, lothokoza, lonena kuti munthuyu anali asanamumvepo, ndipo mapepala awasunga m'dzina lake. Kalatayo ili m'Baibulo langa, mutha kuiona.

2021, Mchinji

Ndinafika kuno manda a achimwene atamera kale udzu. Alamu anga anandilandira bwino, zimene zinandipweteka kuposa akanandinyoza. Ndinamva kuti pa maliro panali anthu ochuluka ngakhale malamulo ankaletsa, ndipo mbiri ananena ndi mwana wawo wamkulu. Ananena bwino, koma za kundilera ine sanatchule, analibe chifukwa. Chiliza ndinamanga ndekha, sindinalole mmisiri. Zilembo za dzina lawo ndinazilemba pa simenti yaiwisi ndi msomali, ndipo tsiku lochionetsa ndinaimirira n'kunena mbiri yawo kachiwiri, yonse, mpaka za jekete. Inachedwa ndi chaka chathunthu, ndipo mwini wake sanandione monga anapempha. Zimenezo sizikonzeka.

Nyumba ino ndisanaimange ndinakhalira puloti tsiku lonse ndi ndodo, kansanza ndi zikhomo, anthu odutsa akunong'onezana kuti ku Dubai kwandizungulitsa mutu. N'chifukwa chake mumagona bwino mwezi wa Okutobala pamene anzanu akutulutsa mphasa panja. Simenti ya pakhonde isanaume ndinatenga msomali womwe uja n'kulemba dzina la a Kazi ngati wojambula, chifukwa nzeru zake si zanga.

Tamanda, ukandifunsa ngati ndikanasankha mosiyana, ndikuyankha zoona. Ndikanadziwa kuti achimwene sadikira, sindikudziwa chimene ndikanachita, ndipo usiye kundifunsa ngati ndikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti atate ako aakulu anaikidwa ndi mudzi wonse ine palibe, a Kazi anaikidwa ndi anthu atatu ine ndilipo, ndipo mlandu umenewu ndikaukamba ndi achimwene ndikawapeza, si wako. Wako ndi umodzi. Ndamva mukunong'onezana ndi azichimwene ako zoika matailosi pakhonde ine ndikadzapita. Ikani, nyumba idzakhala yanu. Koma pamene pali dzinapo mudzasiyepo, ndipo mwana akadzafunsa kuti ameneyu anali ndani, mudzamuuze.